Mtima Ukasokoneza Kagundidwe Kake

 Lero tikambirana za mtima. Sindikunena mtima uja timati wagwa pansi, wauma kapena uli m'mwamba ayi, koma mtima weniweniwo, mnofu waukulu ngati chibakera chanu, umene uli m'chifuwamo chakumanzere pang'ono, umene unayamba kugunda inu musanabadwe ndipo sunapumulepo kufikira lero.

Alipo anthu ambiri pakati pathu amene mtima wawo umasokoneza kagundidwe kake kawirikawiri. Wina amati mtima wake umadumpha. Wina amati umayamba waima, kenaka n'kugunda kamodzi mwamphamvu kuti thi! mpaka kumveka kukhosi. Winanso amati m'chifuwa mwake mumakhala ngati muli mbalame yokodwa pa ulimbo imene ikuphiriphitha. Onsewa ali ndi dandaulo limodzi lofanana: vutolo limabwera usiku kapena ali kumunda, koma akafika kuchipatala, atayenda mtunda wautali ndi kudikira pamzere, mtima uja wakhala kale phee. Dokotala amamvera m'chifuwa, sapeza kanthu, ndipo munthu amabwerera kwawo ndi mapiritsi opha ululu, mantha ake ali chikhalire. Ili ndilo vuto limene ndifuna tilimasule, pakuti nthenda yobisala sichizika mpaka itagwidwa, ndipo amene angaigwire poyamba si dokotala koma mwini mtimayo.

Tiyambe ndi momwe mtima umagwirira ntchito. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa kupita kumapapo ndi m'thupi lonse. Taganizirani amayi awiri akusinja chimanga mumtondo umodzi: munsi wa uyu ukamatsika, wa mnzake ukukwera, ndipo minsiyo siwombana chifukwa pali nyimbo imene ikuwatsogolera. Zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi zimasinthana chimodzimodzi. Wotsogolera nyimboyo ndi kachidutswa kakang'ono ka mnofu kamene kali m'chipinda cham'mwamba chakumanja. Kachidutswaka kamatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi imene imayenda mumtima monse ndi kuulamula kuti ufinyike. Anakatulukira ndi Arthur Keith ndi Martin Flack a ku Britain m'chaka cha 1907, poyang'ana mtima wa kanyama kofanana ndi mfuko. Munthu wamkulu akakhala phee, kachidutswaka kamalamula mtima kugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Pa tsiku lathunthu ndiye pafupifupi ka 100,000, ndipo mwini wake samva n'komwe.

Tsono nthawi zina mbali ina ya mtima imachita phuma n'kutulutsa magetsi ake nthawi isanakwane. Mtima umagunda msanga, usanadzaze magazi, motero kugundako kumakhala kopanda mphamvu ndipo pamkono sikumveka. Kenaka mtima umadikira pang'ono kuti ubwerere m'nyimbo yake, ndipo podikirapo umadzaza magazi ambiri koposa masiku onse. Kugunda kotsatira kumabwera ndi mphamvu, ndiko kuja mumamva kuti thi! Choncho amene amati mtima wake unaima sakunama pa zimene anamva, koma mtimawo sunaime: unafulumira, kenaka n'kudikira. Kugunda kowonjezera kotereku n'kofala kwambiri. Anthu athanzi akawamangirira makina ojambula mtima kwa tsiku lathunthu, ambiri a iwo amapezeka nako kangapo, iwo osadziwa. Ngati mnofu wa mtima ndi zitseko zake zili bwino, kugunda kotereku kawirikawiri sikuopsa, ngakhale kumasautsa.

Mtundu wachiwiri ndi wakuti mtima umayamba kuthamanga mwadzidzidzi, ngati munthu wayatsa injini, kufika ka 150 kapena ka 200 pa mphindi, koma mosadumphadumpha, ndipo pakapita kanthawi umalekanso mwadzidzidzi. Izi zimagwira ngakhale achinyamata amphamvu zawo, ndipo gwero lake ndi kanjira ka magetsi kamene kamachititsa mphamvu ija kuzungulira malo amodzi. Palinso mtima wochedwetsa, wogunda ka 40 kapena kucheperapo, umene umachititsa chizungulire ndi kukomoka makamaka kwa okalamba.

Koma mtundu umene ndifuna muusunge m'mutu ndi umene madokotala amautcha atrial fibrillation. Apa zipinda zam'mwamba zija zimaleka kufinyika bwino n'kuyamba kungonjenjemera, ngati gule amene aliyense akuimba ng'oma yake osamvera mnzake. Zipinda zam'munsi zimalandira malamulo osokonezeka, ndipo mukagwira pamkono mumamva kugunda kopanda dongosolo konse: kuwiri msangamsanga, kumodzi mochedwa, kwina mwamphamvu, kwina mofooka. Choopsa chake chachikulu sichili m'chifuwa ayi koma m'mutu. M'chipinda chonjenjemeracho magazi sayenda bwino, amaundana, ndipo kachibuluma ka magazi kakachoka pamenepo kamapita kukatseka mtsempha wa muubongo. Munthu amafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa pamapotoka, mawu satuluka. Imeneyi ndiyo sitiroko. Munthu wa nthendayi ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake wopanda nthendayi. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ena samva chilichonse m'chifuwa, kotero kuti chizindikiro chawo choyamba chimakhala sitirokoyo.

M'maiko a ku Ulaya nthenda imeneyi ndi ya okalamba. Kwathu kuno imagwiranso atsikana ndi anyamata a zaka 20 kapena 30, ndipo chifukwa chake chimayambira kutali, pa zilonda zapakhosi za ubwana. Pali tizilombo tina totchedwa streptococcus timene timayambitsa zilonda zapakhosi mwa ana, makamaka a zaka 5 mpaka 15. Mwana akapanda kulandira mankhwala, pakapita masabata awiri kapena atatu thupi likhoza kutentha, mfundo za miyendo ndi manja n'kumatupa ndi kupweteka mosinthanasinthana. Pamenepo chitetezo cha m'thupi, pofuna kupha tizilombo tija, chimaononganso zitseko za mtima. Zaka zikamapita chitseko chimauma ndi kuchepa, magazi amapanikizana kumbuyo kwake, chipinda cham'mwamba chimafutukuka, ndipo magetsi ake amasokonezeka. Amayi ambiri amadziwika kuti ali ndi vutoli atatenga pakati, chifukwa nthawi imeneyo magazi amachuluka ndipo mtima wolumalawo umalephera katunduyo.

Gwero lina lalikulu ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri timangoti BP. Pano ndichenjezepo, chifukwa mawu athu amatisokoneza. Kuthamanga kwa magazi ndi kuthamanga kwa mtima ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala ndi BP yokwera kwambiri mtima wake ukugunda modekha, ndipo wina mtima ukhoza kumuthamanga BP yake ili bwinobwino. Koma BP ikakhala yokwera zaka zambiri osailabadira, imalemetsa mtima mpaka kagundidwe kake kasokonezeke. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa.

Komabe si nthawi zonse pamene mlandu uli ndi mtima. Kawirikawiri mtima umangokhala ngati mthenga amene akunena za vuto limene lili kwina. Munthu wochepa magazi, kaya chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba, likodzo kapena kutaya magazi ambiri posamba, mtima wake umathamanga kuti magazi ochepawo akwanire thupi lonse. Kutentha thupi kumathamangitsa mtima. Pakati pamathamangitsa mtima. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso, munthu amaonda ngakhale akudya bwino, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta, ndipo mtima sukhazikika. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumachotsa m'thupi mchere wina wotchedwa potaziyamu umene magetsi a mtima amadalira, ndipo mapiritsi ena okodzetsa amachitanso chimodzimodzi. Mankhwala opopera a mphumu ndi mankhwala ena a chimfine nawonso amadzutsa mtima. Zonsezi zili ndi chithandizo chake, ndipo zambiri zikhoza kupezeka pa chipatala cha boma lanu poyeza magazi.

Za mowa ndinene mosabisa. M'chaka cha 1978 dokotala wina wa ku America, Philip Ettinger, ndi anzake analemba za anthu amene ankabwera kuchipatala mtima utasokonezeka pambuyo pa tchuthi kapena kumapeto kwa sabata, atamwa mowa wambiri nthawi imodzi, chonsecho mitima yawo inalibe nthenda ina yodziwika. Kwathu tingati ndi nthenda ya kumapeto kwa mwezi kapena ya nyengo yogulitsa fodya. Kachasu ndi mowa wa m'botolo sizisiyana pa nkhani imeneyi. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, amadzutsanso mtima. Tiyi ndi khofi wapang'ono alibe mlandu kwa anthu ambiri, ngakhale ena amaona kuti akamwa mtima umawavuta, ndipo oterowo achepetse. Koma zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zimene oyendetsa galimoto usiku ndi ana a sukulu okonzekera mayeso amamwa zitini zingapo motsatizana, ndi zoyenera kuziopa.

Tsopano tifike pa ntchito yanu, ntchito yogwira nthenda yobisalayi. Phunzirani kumva kugunda kwa mtima wanu pamkono. Tembenuzani dzanja lamanzere chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani chala chamkombaphala ndi chala chapakati cha dzanja lamanja pamkono, m'munsi pang'ono mwa tsinde la chala chachikulu, ndipo sindikizani pang'onopang'ono mpaka mutamva mtsempha ukugunda. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Yang'anani wotchi kapena foni, muwerenge kwa mphindi yathunthu, ndiye kuti masekondi 60. Yambani kuphunzira pamene muli bwino, kuti mudziwe nyimbo ya mtima wanu ya masiku onse. Tsono vuto likabwera, khalani pansi, gwirani pamkono, ndipo mudzifunse zinthu ziwiri: ukugunda kangati, ndipo kodi ukugunda mwadongosolo n'kumangodumpha apo ndi apo, kapena dongosolo palibiretu?

Zimene mwapezazo zilembeni, kapena mwana wa sukulu akulembereni, m'kope kapena papepala losunga m'buku lanu la kuchipatala. Lembani tsiku ndi nthawi, chimene munali kuchita, kaya kulima, kaya kugona, kaya mutangodya. Lembani ngati kunayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, kunatenga nthawi yaitali bwanji, ndiponso chimene chinabwera limodzi nako, monga chizungulire kapena kubanika. Pepala lotereli la masabata awiri kapena atatu lili ndi phindu kwa dokotala kuposa mawu akuti "mtima ukundivuta". Mawu amenewa m'Chichewa chathu amanyamula zambiri: wa chilungulira amatero, wa nseru amatero, wa chisoni amateronso. Dokotala amene ali ndi anthu ochuluka pamzere akhoza kumva china pamene inu mukunena china. Ngati mawu akusowani, gogodani ndi chala patebulo lake momwe mtima umagundira vutolo likabwera. Madokotala odziwa za mtima amapempha okha odwala kuti achite zimenezi, chifukwa kagogodedweko kamasiyanitsa mtundu wina ndi unzake.

Pali nthawi zina pamene simuyenera kulemba kapena kudikira. Ngati mtima wasokonezeka ndipo munthu wakomoka kapena watsala pang'ono kugwa, ngati m'chifuwa mukupweteka mothina, ngati akubanika makamaka akagona chagada, ngati mapazi atupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati vutolo limabwera pamene munthu akuthamanga kapena kugwira ntchito yolemetsa, kapena ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi akali wamng'ono popanda chifukwa chodziwika. Ndipo mukaona pakamwa papotoka, mkono wafooka kapena mawu akukokeka, ngakhale zitatha zokha patapita mphindi zochepa, funani galimoto kapena njinga nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Chida chachikulu chodziwira kagundidwe ka mtima ndi makina otchedwa ECG. Amamata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ndipo makinawo amalemba magetsi a mtima papepala. Sapweteka, salowetsa magetsi m'thupi, ndipo kujambulako sikutenga nthawi. Amene anakonza makina oyamba odalirika anali Willem Einthoven wa ku Leiden m'dziko la Netherlands kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1924. Koma dziwani malire ake: ECG wamba imajambula masekondi 10 okha. Ngati vuto lanu silinabwere m'masekondi amenewo, pepalalo likhoza kutuluka loyera. Pepala loyera silitanthauza kuti munanama, ndiponso silitsimikiza kuti nthenda palibe. Ndicho chifukwa chake Norman Holter wa ku Montana ku America anakonza makina onyamulika amene munthu amavala tsiku lathunthu kapena masiku awiri akugwira ntchito zake, ndipo makinawo amatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Kwa inu amene mumakhala pafupi ndi chipatala chokhala ndi ECG, nzeru ina ndi iyi: pemphani dokotala alembe m'buku lanu kuti vuto likadzayamba mudzajambulidwe nthawi yomweyo osadikira pamzere. Mukapatsidwa pepala la ECG, lijambuleni pa foni, chifukwa zolembedwa zake zimafufutika pakapita miyezi.

Chida china ndi makina ounikira mtima, ofanana ndi aja amaunikira amayi apakati. Amenewa amaonetsa zitseko za mtima ndi mphamvu ya mnofu wake, ndipo ndi amene amayankha funso lenileni, lakuti kodi mtima umene ukudumphawu ndi wabwino kapena wolumala. Kwa munthu amene kugunda kowonjezera kuja kumamuchitikira kosalekeza tsiku lonse, kuunikaku n'kofunika, pakuti kukachuluka kwambiri, monga kupitirira kumodzi pa 10 kulikonse kwa miyezi yambiri, kukhoza kufooketsa mnofu wa mtima.

Njira ya chithandizo m'dziko muno mukuidziwa: imayambira pa chipatala chaching'ono, kupita ku chipatala cha boma kapena cha mishoni, ndipo zikafunika, ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Langizo langa ndi lakuti musadumphedumphe. Ena amapita uku lero, uko mawa, kulikonse ndi buku latsopano, ndipo dokotala aliyense amayamba nkhaniyo pachiyambi ngati kuti wodwalayo wangoyamba kumene. Khalani ndi buku limodzi, mulitenge kulikonse, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a ARV, a TB, a mphumu, ngakhale azitsamba. Mukabwerera kachiwiri kapena kachitatu vuto lisanathe, funsani mwaulemu koma momveka: "Adokotala, kodi magazi anga ayezedwa? Kodi BP yanga ili bwanji? Kodi n'kotheka kuti mundilembere kalata yopita kumene kuli ECG?" Kufunsa kotere si mwano. Safunsa anadya phula. Ndipo wina akakuuzani kuti ndi maganizo chabe asanakugwireni n'komwe pamkono, muli ndi ufulu wopempha kuti akugwireni. N'zoona kuti nkhawa imathamangitsa mtima, koma nkhawa imayenera kutchulidwa zina zija zitayezedwa, osati zisanayezedwe.

Nanga mankhwala? Pano ambiri amakhumudwa, chifukwa amayembekeza piritsi lothetseratu kudumpha kulikonse, ndipo dokotala akati safunika mankhwala amaona ngati anyozedwa. Mvetserani nkhani iyi. M'zaka za m'ma 1980 madokotala a ku America ankapereka mankhwala amphamvu oletsa kugunda kowonjezera kwa anthu amene anadwalapo nthenda ya kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Mankhwalawo ankagwiradi ntchito, kudumpha kunkachepa, pepala la ECG linkakongola. Koma atachita kafukufuku wamkulu wotchedwa CAST, zotsatira zake za m'chaka cha 1989 zinaonetsa kuti omwa mankhwala awiri mwa amenewo, flecainide ndi encainide, ankamwalira ochuluka kuposa omwa mapiritsi opanda mankhwala. Kuyambira pamenepo madokotala anaphunzira kuti kutontholetsa mtima sikufanana ndi kuuchiritsa. Tsono dokotala akakuyezani bwino n'kunena kuti mtima wanu ulibe chilema ndipo mankhwala safunika, nthawi zambiri amenewo ndi mawu a munthu wodziwa ntchito yake.

Pamene kudumphako kukusautsa kwambiri, pali mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima, monga propranolol ndi atenolol. Ndi othandiza, koma saperekedwa mwachisawawa kwa wodwala mphumu, ndipo munthu amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi. Musabwereke a mnzanu. Palinso digoxin, mankhwala akale ochokera ku chomera. William Withering wa ku England ndiye analemba m'chaka cha 1785 za mphamvu ya chomera cha mtundu umenewo pa odwala otupa thupi. Ndatchula zimenezi dala, chifukwa ena amati chochokera ku zitsamba sichipweteka. Digoxin akapitirira muyeso pang'ono pokha amasokoneza mtima womwewo mpaka kupha. Ngati zili choncho ndi mankhwala oyezedwa pa sikelo, nanga bwanji botolo la zitsamba la pamsika limene muyeso wake sudziwika?

Kwa wodwala atrial fibrillation, mankhwala ofunika koposa kawirikawiri si ochepetsa liwiro koma oletsa magazi kuundana, pakuti ndiwo amateteza ku sitiroko. Aspirin yekha sakwanira pa ntchito imeneyi. Odziwika kwambiri ndi warfarin. Alipo ena atsopano osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, koma kafukufuku wotchedwa INVICTUS, wa m'chaka cha 2022, anaonetsa kuti kwa amene zitseko za mtima zinaonongeka ndi nthenda yoyambira pakhosi ija, mankhwala a gulu la warfarin amateteza moyo bwino kuposa rivaroxaban, mmodzi mwa atsopanowo. Warfarin amafuna mwambo. Magazi ayenera kuyezedwa nthawi ndi nthawi, muyeso wake amautcha INR, chifukwa mankhwala akachepa sateteza, akachuluka munthu amakha magazi. Ndiwo zamasamba monga mpiru, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimachepetsa mphamvu yake. Sindikuti muzisiye ayi, koma muzidya mofanana sabata ndi sabata, osati mphika wodzaza lero kenaka mwezi wathunthu osalawa. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafooketsa warfarin, pamene Bactrim ndi Flagyl amamuwonjezera mphamvu, ndipo Brufen ndi aspirin amawonjezera ngozi yokha magazi. Chachikulu kwa amayi: warfarin akhoza kuvulaza mwana m'mimba, choncho mayi amene akumwa mankhwalawa akambirane ndi dokotala asanatenge pakati, ndipo akazindikira kuti waima apite msanga, osangosiya kumwa payekha.

Amene mtima umawathamanga mwadzidzidzi aja, dokotala akatsimikiza mtundu wake, akhoza kuwaphunzitsa njira yowuletsa okha: kuuzira mwamphamvu m'sirinji yopanda singano kwa masekondi 15, kenaka kugona chagada wina n'kuwakweza miyendo. Pa kafukufuku wa ku England wa m'chaka cha 2015, njira imeneyi inabweza mtima m'malo mwake mwa odwala 43 pa 100 alionse, pamene kuuzira kokha kunathandiza 17. Kwa mtima wochedwetsa kuli kabatire koikidwa pansi pa khungu la pachifuwa. Munthu woyamba kuikidwa kachida kotere, Arne Larsson wa ku Sweden, anakalandira m'chaka cha 1958 ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2001. Ndi chithandizo chodula ndiponso chosapezeka paliponse, koma mudziwe kuti chilipo, kuti gogo amene akungokomoka asangotchedwa wokalamba basi.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene munayezedwa, mwauzidwa kuti mtima uli bwino, koma ukudumphabe. Usiku ndiwo umakuvutani, ndikudziwa. Kunja kukakhala zii, munthu amamva zonse za m'thupi mwake, makamaka akagonera kumanzere, pakuti potero mtima umayandikira nthiti. Mtima ukadumpha mumachita mantha, mantha amatulutsa m'thupi madzi otchedwa adrenaline, ndipo madzi amenewo amadumphitsanso mtima. Mukatero mwalowa m'bwalo lozungulira. Tembenukirani kumanja, kapena dzukani mukhale tsonga, mupume pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa pokoka. Musamangogwira pamkono ola lililonse. Mwalemba kale, dokotala waona kale, tsopano dzanja lipumule. Musaleke kulima, kuyenda kapena kupalasa njinga pokhapokha dokotala atakuletsani, chifukwa kukhala chogona kumangokulitsa mantha, ndipo kwa ambiri kudumphaku kumachepa thupi likamagwira ntchito. Gonani mokwanira, imwani madzi nthawi yotentha. Koma kagundidwe kakasintha mtundu, kapena pakabwera chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija, bwererani kuchipatala osazengereza, ngakhale munauzidwa kale kuti muli bwino.

Inunso apabanja muli ndi mbali yanu. Munthu wa vutoli amaoneka wathanzi, ndipo n'kwapafupi kumunena kuti ndi ulesi kapena akuthawa khasu. Mperekezeni kuchipatala, mukhale mboni yake, makamaka ngati munamuonapo akukomoka, pakuti wokomoka sadziwa zimene zinamuchitikira. Ndipo popeza mwaphunzira kugwira pamkono, agwireni agogo anu ndi makolo anu, makamaka a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi onse a BP, ngakhale sakudandaula kanthu. Mukamva kugunda kopanda dongosolo, yesaninso mawa lake, ndipo kukakhala chimodzimodzi apititseni kukayezedwa.

Mwana akadandaula pakhosi thupi likutentha, makamaka ngati alibe chimfine kapena chifuwa, musangomupatsa madzi amchere. Mutengereni kuchipatala, pakuti penicillin woperekedwa pa nthawi yake amatseka njira ya nthenda yoononga zitseko ija. Ndipo mwana amene anapezeka kale ndi nthendayo amalandira jakisoni wa benzathine penicillin masabata anayi alionse, ena atatu alionse, kwa zaka zambiri monga momwe dokotala walembera. Jakisoniyo ndi wowawa, ndipo ana akafika pa unyamata amayamba kuthawa. Lembani tsiku lake pakalendala ya pakhoma, ndipo wamkulu mmodzi wa pakhomopo akhale woperekeza mwezi ndi mwezi.